Malawi sanali njira yongodutsa

Mabuku ambiri a mbiri yakale amafotokoza dera la Nyanja ya Malawi ngati njira yomwe anthu oyambirira ankangodutsamo pochokera kum'mawa kwa Africa kupita kum'mwera. Ine monga wofukula zakale ndikuti zomwe zatuluka m'nthaka ya chigawo cha kumpoto zikutsutsa zimenezi. Mu 1991 ku Uraha, m'boma la Karonga, kunapezeka nsagwada ya munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Makala okwiririka m'matope a pansi pa nyanja akuonetsanso kuti zaka 85,000 zapitazo anthu a ku Karonga ankatentha tchire kawirikawiri mpaka nkhalango yowirira sinabwererenso. Wapaulendo sangachite zimenezo. Zimafuna mibadwo yokhazikika.

Umboni wolimba uli pafupi ndi Mzuzu, pansi pa thanthwe la phiri la Hora ku Mzimba. Pamenepo gulu la wofukula zakale Jessica Thompson linafukula mafupa a makanda awiri a zaka 14,000 ndi 16,000 zapitazo. DNA yawo, yomwe inalengezedwa mu 2022, inaonetsa magazi osakanikirana a anthu a kum'mawa, a pakati ndi a kum'mwera kwa Africa. Ndiye kuti kalekale anthu ankayenda mitunda italiitali n'kukwatirana, koma pambuyo pake anayamba kukwatirana ndi oyandikana nawo. N'chifukwa chake munthu wina wa ku Hora wa zaka 8,100 zapitazo amafanana kwambiri m'magazi ndi wa ku Fingira, ku Nyika, wa zaka 2,500 zapitazo.

Wina anganene kuti amenewa si makolo athu. N'zoona kuti magazi awo sakuoneka kwenikweni mwa Amalawi a lero, omwe ambiri anachokera kwa alimi osula zitsulo amene anafika zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Koma zimenezi zikungotsimikiza kuti ofikawo anapeza eni dziko, aja agogo athu amawatchula kuti Akafula. Wina angatinso mafupa ochepa chonchi sangalankhulire dziko lonse. Ameneyo ndikugwirizana naye, ndipo mpake kuti malo alionse asamalidwe. Fupa limatiuza zaka zake bwino likakhala pamalo pake, pamodzi ndi makala ndi timiyala toyera tosongoka tomwe linakwiririka nato. Likazulidwa, zambiri zatayika.

Choncho inu olima ndi oumba njerwa m'munsi mwa mapiri a Kaning'ina ku Mzuzu, khasu likatulutsa mafupa, mapale kapena timiyala toterewa, musazitole. Zisiyeni pomwepo ndipo kadziwitseni a ku Mzuzu Museum.