Tsinde la Chigamulo ndi Ndemanga Yapambali

Mawu akuti "chigamulo" amakuta zonse zimene woweruza walemba, koma si zonsezo zimene mabwalo aang'ono amakakamizidwa kutsata. Ophunzira zamalamulo ku Zomba amadziŵa kusiyanaku m'mawu a Chilatini, ratio decidendi ndi obiter dictum. M'Chicheŵa, oyambawo akhoza kutchedwa "tsinde la chigamulo", ndiko kuti mfundo ya lamulo imene mlandu watherapo, ndipo enawo "ndemanga yapambali". Liwu lakuti "chifukwa" likupereŵera, pakuti woweruza amatchula zifukwa zambiri, zina zongokometsera nkhani.

Mwachitsanzo, mkamwini wa ku Lirangwe aferedwa mkazi, nakana kusiya munda. Mlandu ufika ku Bwalo Lalikulu ku Chichiri. Woweruza agamula kuti mundawo ndi wa mbumba ya malemuyo, popeza unachokera kwa makolo akuchikazi. Kenaka awonjezera kuti bamboyo akadaugula ndi ndalama zake, bwenzi uli wake. Patapita chaka, mkamwini wina wa ku Chileka, amene anaguladi malo, adalira mawu omalizaŵa pabwalo laling'ono. Bwalolo likhoza kuwalemekeza koma silikakamizidwa kuwatsata, chifukwa za kugula sizinali pamlandu woyamba uja, ndipo palibe mbali imene inatsutsapo. Wom'langiza akasokoneza ziŵirizi, munthu ataya munda.

Eugene Wambaugh wa ku Harvard anaphunzitsa njira yoyesera. Wophunzira atembenuze mfundoyo kuti inene zosiyana. Ngati mlandu ukadatha mwina, mfundoyo ndi tsinde. Ngati wopambana akhalabe yemweyo, ndi ndemanga chabe. Njirayi imalephera pamene woweruza wapereka mfundo ziŵiri, iliyonse yokwana payokha, ndipo mphunzitsi achenjeze ophunzira za zimenezi msanga.

Kulemera kwa tsinde kunaoneka pamilandu ya chisankho. Mu 2000, pamlandu wa Gwanda Chakuamba, Bwalo la Supreme linamasulira gawo 80(2) la malamulo oyendetsera dziko kuti wopambana ndi amene waposa anzake mavoti. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a Bwalo Lalikulu anati wopambana apeze mavoti oposa theka. Poti mfundo ya mu 2000 inali tsinde, anayenera kulongosola pamene inaphonya, ndipo nkhaniyo inatha pa 8 Meyi 2020, Bwalo la Supreme lenilenilo litavomereza kumasulira kwatsopanoko.