NYAMA YA NG'OMBE YOTENDERA NDI NSINJIRO

(Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Malimidwe kwa anthu a ku Mbungo, pa cilumba ca Likoma)

 Lero ndifuna kukamba nanu za mphika, ngakhale nchito yanga ndi ya kumunda, pakuti zonse zimene tilima zitsirizira pa mafua.

Inu a ku Mbungo mudziwa bwino kuti ndiwo zathu za masiku onse pano pa cilumba ndi usipa ndi utaka. Ng'ombe ndi zowerengeka, ndipo nyama yace tiiona kamodzikamodzi, kapena pa Khirisimasi, kapena pa ukwati, kapena mbale akabwera nayo pa sitima ya Ilala kucokera ku Nkhata Bay. Nkhuni nazonso ndi zobvuta. Zambiri zidza pa bwato kucokera kutsidya ku Mozambique, ndipo mtolo uli wonse ndi ndalama. Tsono tsiku limene nyama yalowa m'nyumba, mai akhala ndi mafunso awiri: aiphike bwanji kuti ifewe osatha nkhuni, ndipo acite ciani kuti ikwanire banja lonse? Yankho lace ndi moto wocepa ndi nsinjiro.

CIFUKWA CIANI MOTO WOCEPA?

Cimene cilimbitsa nyama ya ng'ombe ndi mitsempha yoyera ija muiona pakati pa minofu. Mitsempha imeneyi isungunuka pokhapokha ikakhala nthawi yaitali m'madzi otentha, ndipo ikasungunuka ndiyo ikometsa msuzi. Mudziwenso ici: madzi akayamba kuwira sangatenthenso kuposa pamenepo, ngakhale musonkhezere nkhuni khumi. Moto waukulu ungoumitsa msuzi ndi kutha nkhuni, nyama ili cilimbire. Akulu anati kuthamanga sikufika. Cifukwa cace musadandaule mukapeza nyama ya pa mwendo, ya pa khosi kapena ya mafupa, pakuti imeneyi ndiyo yoyenera kaphikidwe kathu.

NCHITO YA NSINJIRO

Ambiri a ife tidya nsima ya kondowole. Cinangwa cipatsa mphamvu, koma zakudya zomanga thupi muli zocepa zedi. Mtedza ndi wosiyana: mukaugawa panai, gawo limodzi ndi zomanga thupi, ndipo pafupifupi magawo awiri ndi mafuta. Kotero mukathira nsinjiro m'nyama, msuzi womwe usanduka cakudya, ndipo mwana amene walandira nthuli imodzi yokha apindulabe. Nzeru imeneyi si yathu yokha. Ku Senegal ndi ku Mali aphika nyama motere naicha mafe, ndipo ku Zimbabwe ali ndi ndiwo za dovi.

SANKHANI MTEDZA POYAMBA

Apa ndipempha kuti mumvetsere bwino. Mtedza wosauma bwino, kapena wosungidwa pa cinyezi, ucita cuku, ndipo cuku cimeneci citulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. M'caka ca 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cosakaniza ndi mtedza wa cuku wocokera ku Brazil, ndipo ndi pamenepo akatswiri anatulukira poizoniyu. Mwa munthu aononga ciwindi pang'onopang'ono, ndipo ana amene amdya kawirikawiri sakula bwino. Coopsa ncakuti poizoni ameneyu satha ndi kuphika.

Tsono kaya mwalima nokha kaya mwagula, tsanulirani mtedza pa licero ndi kuusankha pa dzuwa. Wofota, wosweka, wobooledwa ndi tizirombo, wosintha maonekedwe ndi wowawa, muukwirire m'dzenje. Amai ena amasunga wabwino kuti agulitse, nasinja wotsalawo kuti ana adye. Umeneku ndi kudwalitsa banja lanu ndi manja anu. Ndiponso musawaze madzi pa makoko kuti asabvute kuswa, pakuti madziwo ndiwo aitana cuku.

KAPHIKIDWE KACE

Pa banja la anthu 6 kapena 8 mufunika nyama kilogalamu imodzi, anyezi awiri, matimati anai, mcere, ndi makapu awiri a mtedza wosankha. Sinjani mtedzawo mu mtondo ndi kuusefa.

Coyamba, dulani nyama nthulinthuli, zocuruka kuposa anthu amene adzadya. Ikani mu mphika ndi mcere ndi madzi pang'ono, ndipo muisiye iwire mpaka madziwo aphwe. Ikayamba kukazingika ndi mafuta ace omwe, ponyanimo anyezi, kenaka matimati, ndi kubvundula.

Caciwiri, thirani madzi otentha mpaka nyama ibire. Mphika ukangowira, phulani zikuni zina, musiye makala ndi cikuni cimodzi. Bvundikirani bwino ndi kuika mwala pamwamba pa cibvundikiro. Mphika uzingonyung'unya, osati kubwadamuka. Ulekeni motero maola awiri, kapena atatu ngati ng'ombe inali yokalamba. Msuzi ukacepa onjezani madzi otentha, pakuti ozizira aziziritsa mphika ndi kukudyerani nkhuni zina. Soda musathire ai, cifukwa aononga mavitamini ena.

Cacitatu, nyama ikafewa kotero kuti iduka ndi mthiko, sungunulani nsinjiro m'mbale ndi madzi ozizira pang'ono mpaka zikhale ngati phala, kuti zisacite mibulu. Tsanulirani mu mphika. Kuyambira pano musacokepo, cifukwa nsinjiro zikhala pansi ndi kupserera msanga. Bvundulani kawirikawiri kwa mphindi 20 kapena 30. Mudzadziwa kuti zapsa pamene msuzi walimba, pfungo la mtedza wauwisi latha, ndipo mafuta ayandama pamwamba. Ngati muli ndi nkhwani, ponyanimo mphindi 10 musanaphule. Tsabola ali yense adzithirire m'mbale mwace, kuti ana asalephere kudya.

POGAWA

Abambo anzanga, mau awa ndi anu. Kawirikawiri nthuli zazikulu zipita m'mbale mwathu, ana nangonyambita msuzi. Koma thupi lathu linakula kale, pamene la mwana likali kumangidwa. Ana, amai apakati ndi amai oyamwitsa ayambe ndiwo kulandira. Mwana amene wapitirira miyezi 6 mumnyenyere nyama yofewayo ndi kuisakaniza ndi msuzi m'phala lace.

Potsiriza, kuno ku nyanja kutentha, ndipo ndiwo zotendera sizicedwa kusasa. Zikatsala masana, muziwiritsenso bwino madzulo ndi kuzimaliza tsiku lomwelo.

Amene muli ndi kamunda ka dothi la mcenga, bzalani mizere ingapo ya mtedza mvula zoyamba zikagwa, ndipo mudzafunse mlangizi wanu za mbeu yabwino. Tsalani bwino, tidzamvananso sabata ya mawa pa nthawi yomweyi.