Kompyuta ya m'chikhatho ingathandize maofesi akumidzi, koma isagulidwe mongotengeka

Pali mtundu wa makompyuta omwe ziwalo zake zonse zimakhala pa kabolodi kamodzi, kotalika masentimita 8.5 ndipo m'lifupi masentimita 5.6, pafupifupi kukula kwa chitupa cha unzika. Yodziwika kwambiri mwa iyi ndi Raspberry Pi, yomwe idayamba kugulitsidwa mu February 2012 pa mtengo wa madola 35 a ku America. Idapangidwa ku Cambridge, m'dziko la Britain, ndi gulu lotsogozedwa ndi a Eben Upton pofuna kuti ana a sukulu aphunzire kulemba mapulogalamu popanda kuopa kuononga makina odula. Lero makinawa akugwira ntchito m'mafakitale, m'masukulu ndi m'maofesi m'maiko ambiri, ndipo palinso ena ofanana nawo monga Orange Pi ndi BeagleBone.

Kabolodika pakokha sikangachite kanthu. Kamafunika pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, monga momwe makompyuta ambiri a m'maofesi a boma amayendera Windows. Pa makina ang'onoang'onowa, ambiri amaikapo Linux, yomwe idayambidwa mu 1991 ndi a Linus Torvalds ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Linux silipiritsa laisensi, ndipo malamulo ake amalola munthu aliyense kuwerenga momwe idalembedwera, kuisintha ndi kuigawa kwa ena. Mtundu womwe udakonzedwera Raspberry Pi umatchedwa Raspberry Pi OS, ndipo udachokera ku Debian, yomwe yakhala ikusamalidwa ndi anthu odzipereka kuyambira mu 1993.

Kuika pulogalamuyi sikovuta. Munthu amatenga khadi ya microSD, yonga ya m'foni, n'kuilowetsa m'kompyuta ina yomwe ili ndi intaneti, kenaka pulogalamu ya Raspberry Pi Imager imalemba Linux yonse pa khadiyo. Khadi ikalowa m'kabolodi, n'kulumikiza sikirini, kiyibodi ndi magetsi, kompyuta imayaka.

Chomwe chiyenera kukopa chidwi cha akuluakulu a nthambi za boma ndi nkhani ya magetsi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo amaunikira magetsi, ndipo ngakhale komwe mawaya adafika, magetsiwo sadalirika nthawi zonse. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lino n'kutaya ma megawatt pafupifupi 130 kwa miyezi yoposa khumi ndi iwiri.

Raspberry Pi 4, yomwe idatuluka mu 2019, imayendera ma volt 5 okha, ndipo imadya ma watt pafupifupi 3 ikakhala phee ndi 6 kapena 7 ikapanikizika ndi ntchito. Tiyerekeze batire ya sola ya 12V 100Ah, yonga yomwe imapezeka m'masitolo. Tikagwiritsa ntchito theka lokha la mphamvu yake kuti isafe msanga, ingayendetse kabolodi kodya ma watt 5 kwa masiku asanu usana ndi usiku. Kompyuta ya patebulo yodya ma watt 100 ingathe mphamvu yomweyo m'maola asanu ndi limodzi. Tisaiwale kuti sikirini nayo imadya magetsi, nthawi zambiri kuposa kabolodiko, choncho phindu lalikulu limaoneka pomwe makinawa akugwira ntchito yosafuna sikirini, monga kusunga zolemba zomwe anthu akuziwerenga pa mafoni kapena pa makompyuta ena.

Ganizo lotere si lachilendo kuno kwathu. Kuyambira mu 2001, Raspberry Pi isanabadwe n'komwe, bungwe la Baobab Health lidayamba kulembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe pogwiritsa ntchito makina ang'onoang'ono osadya magetsi ambiri, ndipo pambuyo pake njirayi, yodalira mapulogalamu aulere ndi mabatire, idafalikira m'zipatala zopereka mankhwala otalikitsa moyo. M'masukulu a m'maiko osiyanasiyana, kabolodi kamodzi kokhala ndi Kiwix kapena Kolibri kamaulutsa Wi-Fi m'kalasi, ana n'kumawerenga Wikipedia ndi maphunziro ena popanda kugula bandulo.

Komabe mkulu wogula katundu wa ofesi asanasaine chikalata, pali zovuta zomwe wogulitsa sangafulumire kuzitchula.

Vuto lalikulu ndi khadi ija. Linux imalemba tinthu pa khadi pafupipafupi, ngakhale pomwe munthu sakugwira kiyibodi. Magetsi akazima mwadzidzidzi kulembako kuli mkati, zomwe zili pa khadi zikhoza kusokonekera mpaka kompyuta kukana kuyaka m'mawa mwake. Makhadi otchipa, makamaka achinyengo omwe amalembedwa kukula komwe alibe, amafa msanga kuposa apo. N'zodabwitsa ndithu kuti makina omwe amayamikiridwa chifukwa chosadya magetsi ndi omwenso amavulala kwambiri ndi kuthimathima kwa magetsiwo. Njira yopewera ndi kusalumikiza kabolodi mwachindunji ku soketi ya pakhoma koma kudzera m'batire, kusunga zolemba zofunika pa SSD yolumikizidwa ku USB, ndi kukhala ndi khadi yachiwiri yokonzeka kale m'kabati. Ogwira ntchito aphunzitsidwenso kuzimitsa makinawa mwadongosolo, osati kungozula chingwe nthawi yoweruka ikakwana.

Nkhani ya wotchi nayo imaiwalika kawirikawiri. Mitundu yonse yomwe idatuluka Raspberry Pi 5 ya mu 2023 isanabwere ilibe wotchi yoyenda yokha makina akazima. Imadalira intaneti kuti idziwe tsiku ndi nthawi. Komwe kulibe intaneti, kompyuta yomwe yazima Lachisanu madzulo n'kuyatsidwa Lolemba idzapitiriza ngati kudakali Lachisanu. Kwa mwana wophunzira masamu ichi si kanthu, koma ku ofesi yolemba malisiti, kalembera wa obadwa kapena mankhwala omwe atuluka m'nkhokwe, tsiku lolakwika likhoza kudzetsa mafunso ovuta kuyankha akabwera ofufuza mabuku a ndalama. Kachipangizo ka wotchi kokhala ndi kabatire kake ndi kotchipa ndipo kamathetsa vutoli. Raspberry Pi 5 ili ndi wotchi kale, koma batire yake imagulidwa payokha.

Kenaka pali mapulogalamu. Makinawa amayendera purosesa ya ARM, yonga ya m'mafoni, osati ya Intel kapena AMD, ndipo mapulogalamu olembedwera Windows sayendapo mwachindunji. LibreOffice imatsegula makalata a Word ndi Excel, ngakhale kuti nthawi zina maonekedwe a tsamba amasuntha pang'ono. Ntchito yomwe imachitikira pa tsamba la intaneti kawirikawiri imatheka bwinobwino, koma ngati ofesi ili ndi pulogalamu yakeyake ya malipiro kapena ya akaunti, mpofunika kuiyesa kaye. Chimodzimodzinso makina osindikizira ndi owerengera zidindo za zala, chifukwa ena sagwirizana ndi Linux ya pa ARM.

Mtengo wolengezedwa ndi wa kabolodi kokha. Khadi, chotengera magetsi, kabokosi koteteza ku fumbi, sikirini, kiyibodi, msonkho ndi mayendedwe zimabwera pamwamba pake. Kusalipira laisensi sikutanthauzanso kuti makinawa adzisamala okha. Pafunika munthu wodziwa Linux, woti azikonza zolakwika ndi kulowetsa zigamba za chitetezo zomwe zimatuluka nthawi ndi nthawi, ndipo munthuyo akhale pafupi, osati wochita kumuitanitsa ku Capital Hill.

Kuchepa kwa makinawa kulinso ndi chiopsezo chake. Kompyuta yonse imakwana m'thumba la malaya, ndipo khadi yake imasololedwa ndi zala ziwiri. Malinga ndi lamulo la Data Protection Act la mu 2024, ofesi yosunga mbiri za anthu ili ndi udindo woziteteza. Kabolodi kosunga maina a odwala kapena a olandira mtukula pakhomo kayenera kukhala m'bokosi lokhoma, ndipo zolembazo zitsekedwe mwa njira yoti wotola khadiyo asathe kuziwerenga.