Mfungulo za Makina a Boma Zikhale ndi Yani?

Munthu ali yense amene anagwirapo nchito pa mgodi adziwa kubvuta kwace kwa makina amene owapanga okha ndiwo angathe kuwakonza. Pampu ikaima, makanika ali pomwepo ndi zitsulo zace m'manja; koma ngati cibvundikiro cace anacimatiratu ku fakitale, ndipo mapulani ace anatsala tsidya la nyanja, palibe cimene iye angacite koma kudikira, madzi ali kudzaza pansi. Nkhani ya lero iri ya makina a mtundu wina, ndiwo makompyuta a m'maofesi a Boma, komatu bvuto lace ndi lomweli.

Kompyuta payokha siidziwa kanthu. Imangotsata malangizo olembedwa ndi anthu, ndipo malangizowo ndiwo amene anthu amati pologalamu. Makampani ambiri amagulitsa pologalamu yotseka: wogula amalipira laisensi kuti aigwiritse nchito, koma malembo ace a m'kati saloledwa kuwaona kapena kuwasintha. Ulipo mtundu wina umene pa Cingerezi amati open source, ndiko kunena kuti malembowo ali poyera, kotero kuti munthu wodziwa nchitoyi angathe kuwawerenga, kuwakonza ndi kupatsako mnzace popanda mlandu. Richard Stallman wa ku America anayamba nchito yolemba mapologalamu aufulu otere m'caka ca 1983, ndipo m'caka ca 1991 Linus Torvalds, mnyamata wa pa yunivesite ku Finland, anaturutsa Linux, imene lero iyendetsa makina osawerengeka pa dziko lonse.

Maiko ena akuru, monga America, Germany ndi India, ali ogawika m'zigawo, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi boma lace, aphungu ace ndi thumba lace la ndarama. Maboma a zigawo amenewa ndiwo amayang'anira masukulu, apolisi ndi makalata ambiri okhudza anthu wamba, motero amagula makompyuta zikwi-zikwi. Ici ndico cifukwa cace anthu okonda mapologalamu otseguka akhala akugogoda pa zitseko zao kwa zaka zoposa makumi awiri. Ena analowa, ena anabwezedwa pakhomo, ndipo ena analowa naturutsidwanso.

Mau oyamba amene wokopa ali yense amafika nao ndi a ndarama: bwanji boma limalipira laisensi caka ndi caka, pamene iripo pologalamu yosalipira? Mauwa amamveka bwino pa msonkhano, koma ali ofooka koposa m'mene aonekera, pakuti wogulitsa akaona kuti kasitomala wamkuru afuna kucoka, amatsitsa mtengo tsiku lomwelo. Zinatero ku Munich, mzinda waukuru wa kumwera kwa Germany. Angakhale Munich ndi mzinda cabe, nkhani yace iri pakamwa pa maboma onse a zigawo. M'caka ca 2003, pamene khonsolo inali kuganiza zosiya Windows ndi kutenga Linux, mkuru wa kampani ya Microsoft mwini wace, Steve Ballmer, anapita kukaonana ndi meya Christian Ude, nalonjeza mtengo wotsika. Khonsolo inakana, cifukwa cimene inafuna sicinali kuchipa kokha iai, koma kuti mzinda usadalire wogulitsa mmodzi amene angathe kunena tsiku lina kuti pologalamu yakale yatha nchito, gulani yatsopano.

Nchito yosamutsa makina inatenga zaka khumi. Pofika kumapeto kwa 2013, makompyuta pafupi-fupi 15,000 anali kuyenda ndi Linux ya mzindawo, imene anaipatsa dzina lakuti LiMux, ndipo akuru a mzinda analengeza kuti apulumutsa ndarama zoposa mayuro mamiliyoni khumi. Koma m'caka ca 2014 kunalowa meya wina, Dieter Reiter, amene sanaikonde. Makalaliki ena anadandaula kuti makalata ocokera ku maofesi a kunja, olembedwa ndi mapologalamu a Microsoft, amafika osokonezeka, ndi kuti makina akabvuta thandizo limacedwa. Madandaulo ena anali oona. Ena anali obwera cifukwa ca kusalongosoka kwa madipatimenti osamala makina, cimene sicikanasintha ndi pologalamu iri yonse. Mu November 2017 khonsolo inabvota kubwerera ku Windows. Anthu ambiri anakumbukira kuti caka capitaco Microsoft inali itasamutsira likulu lace la m'Germany mu mzinda womwewo, ngakhale akuru a mzinda anakana kuti zinthu ziwirizi ziri pa cibale. M'caka ca 2020 zipani zolamulira khonsolo zinalembanso pangano lakuti zidzakonda mapologalamu otseguka pamene kuli kotheka.

Mau olimba koposa a ndarama anamveka ku Massachusetts, cigawo ca kum'mawa kwa America. Kumeneko funso linali la makalata. Boma limasunga malamulo, maweruzo a makhoti ndi mbiri ya malo a anthu, ndipo zimenezi ziyenera kuwerengeka ngakhale patapita zaka zana. Kalata ya pa pepala, mdzukulu angathe kuiwerenga ndi maso ace. Koma kalata ya m'kompyuta, yosungidwa m'njira imene kampani imodzi yokha iidziwa, iri ngati bokosi lokhoma limene mfungulo yace iri m'thumba la mlendo. Cotero m'caka ca 2005 boma la cigawoco linalamula kuti kuyambira pa 1 January 2007 maofesi ace azisunga makalata m'njira yapoyera ya OpenDocument, imene pologalamu iri yonse ingathe kuitsata. Silinaletse kampani iri yonse. Linangoti wofuna kugulitsa kwa boma atsate njira imeneyi.

Nkhondo ya mau inabuka. Aphungu ena anati mkuru wa za makompyuta, Peter Quinn, anacita zinthu osafunsa nyumba ya malamulo. Nyuzipepala ina inafunsa za maulendo ace, ndipo ngakhale kufufuza sikunapeze colakwa, iye anatula pansi udindo kuciyambi kwa 2006. Koma dandaulo lolemera kweni-kweni linacokera kumene okopa aja sanayang'aneko. Anchito a boma osaona amagwiritsa nchito mapologalamu owerenga mokweza mau ali pa kompyuta, ndipo pa nthawiyo mapologalamuwo anali kugwirizana bwino ndi a Microsoft koposa enawo. Anthuwa anaopa kuti ataya nchito, ndipo mantha ao anali ndi cifukwa. Okopa amene anadziwa mfundo zonse za ufulu anaiwala kufunsa munthu wokhala pa desiki. M'caka ca 2007 boma la Massachusetts linabvomera kuti njira ya Microsoft, Office Open XML, iloledwenso pamodzi ndi OpenDocument.

Ku Kerala, cigawo ca kumwera kwa India, nkhani inayenda njira yosiyana, pakuti kumeneko inacokera pansi kunka kumwamba. M'caka ca 2001 boma linayamba nchito yophunzitsa makompyuta m'masukulu, ndipo poyamba mabuku ace anali ophunzitsa mapologalamu otseka. Aphunzitsi eni ace, kudzera mu bungwe lao, ndiwo anakana, nati si bwino kuti sukulu ya boma iphunzitse ana katundu wa kampani imodzi monga ngati ndiye nzeru yonse. Anaphunzitsana okha-okha, mphunzitsi wodziwa naphunzitsa anzace a m'boma lace, ndipo V. S. Achuthanandan, amene anakhala nduna yaikuru ya cigawo m'caka ca 2006, anaima kumbali kwao. M'zaka zowerengeka masukulu a boma anasamukira ku Linux, pamodzi ndi mayeso omwe. Maboma asintha kangapo ku Kerala kuyambira nthawi imeneyo, zipani zosiyana nizilandizana mpando, koma masukulu sanabwerere m'mbuyo. Kucotsa cinthu cimene aphunzitsi zikwi zambiri acidziwa ndi manja ao ndi nchito yaikuru koposa kufafaniza cigamulo ca khonsolo.

Boma limene anthu ambiri aliyang'ana tsopano ndi la Schleswig-Holstein, cigawo ca kumpoto kweni-kweni kwa Germany, cimene likulu lace ndi Kiel. Mu April 2024 nduna za cigawoco zinagamula kusamutsa makompyuta pafupi-fupi 30,000 kucoka ku Microsoft Office kunka ku LibreOffice, ndipo pambuyo pace kucoka ku Windows kunka ku Linux. Nduna yoyang'anira nchitoyi, Dirk Schrödter, sinayambe ndi mau a kuchipa. Inati boma liyenera kudzilamulira lokha pa makina ace, lidziwe kumene zinsinsi za anthu ace zisungidwa ndi amene angathe kuziona, ndiponso kuti ndarama za msonkho zingathe kulipira akatswiri a m'dzikomo m'malo motumizidwa kunja caka ndi caka. Mauwa afika pa nthawi yace, popeza makampani akuru masiku ano amakonda kusunga makalata a makasitomala pa makina ao a iwo eni, amene nthawi zina ali pansi pa malamulo a dziko lina.

A ku Kiel anaphunzirapo pa Munich. Sanasinthe zonse tsiku limodzi: anayamba ndi pologalamu yolembera makalata pa makina omwe aja anchito anawazolowera, naphunzitsa anthu, nasiya Linux kuti idze pambuyo. Ngakhale anatero, msewu sunali wosalala. M'caka ca 2025, pamene anali kusamutsa makalata a imelo, oweruza ndi anchito a m'makhoti anadandaula kuti makalata ofulumira acedwa kapena sapezeka, ndipo pa khoti kucedwa kwa tsiku limodzi kungathe kupweteka munthu amene ali m'ndende kudikira mlandu wace. Nduna inabvomera kuti panali zolakwa, nipepesa kwa anchito. Mu October caka comweco boma linalengeza kuti latsiriza kusamutsa mabokosi a imelo oposa 40,000, ndipo nchito yoika Linux pa makompyuta a makalaliki inali isanathe.