Kulembetsa Mwana ku Sukulu Yolipira

Mwezi wa Outubro ndi mwezi wa dzuwa. Anthu ali kusosa m'minda. Mvula ili pafupi. Pa nthawi imeneyi sukulu zimayamba kulemba maina a ana amene adzalowa kalasi yoyamba caka camawa. Kulemba dzina la mwana m'bukhu la sukulu amati matrikula.

Mwana amene dzina lake silinalembedwe alibe malo m'kalasi. Sukulu ikatsegula, anzake amanyamula makope n'kumapita. Iye amatsala pakhomo. N'cifukwa cace matrikula ndi nchito yaikulu ya banja lonse.

Sukulu za boma ndi sukulu zolipira

M'Mozambiki muli sukulu za boma ndi sukulu zolipira.

Sukulu ya boma ndi ya ana onse. Aphunzitsi amalipidwa ndi boma. Mabukhu a ana a pulayimale amacokera ku boma. Mu 2004 boma linathetsa ndalama zimene makolo ankalipira polembetsa ana ku pulayimale. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9.

Sukulu yolipira ili ndi mwini wace. Mwiniyo akhoza kukhala munthu mmodzi, gulu la anthu kapena mpingo. M'Cipwitikizi amati escola privada, ena amati colégio. Pa sukulu imeneyi makolo amalipira mwezi ndi mwezi. Ndalamazo ndizo zimalipira aphunzitsi, zimagula coko, zimakonza denga likayamba kudontha. Sukulu zolipira zambiri zili m'mizinda monga Tete, Beira ndi Maputo. Kumidzi zilipo zocepa.

Sukulu zolipira sizinalipo nthawi zonse. Dziko linalandira ufulu pa 25 Junho 1975. Pa 24 Julho caka comweco, boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse, ndi za mishoni zomwe. Kwa zaka 15 sukulu zonse zinali m'manja mwa boma. Mu 1990 boma linalolanso anthu kutsegula sukulu zao. Koma linaika lamulo: aliyense wofuna kutsegula sukulu ayambe wapempha cilolezo.

Mwana wa zaka zingati?

Kale aphunzitsi ankayesa mwana ndi dzanja. Mwana ankadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu kuti agwire khutu la mbali ina. Akaligwira, ankati wakula. Akalephera, ankabwerera kunyumba. Koma ana ena ndi atali, ena ndi afupi. Dzanja silidziwa zaka.

Lero sukulu imaona pepala la kubadwa. Lamulo la 1983 linkati mwana ayambe ali ndi zaka 7. Lamulo la 1992 linatsitsa zakazo kukhala 6. Lamulo la 2018 linaika tsiku: mwana alowe kalasi yoyamba m'caka cimene akwanitsa zaka 6 pofika pa 30 Junho.

Lamulo limeneli ndi la mnyamata ndi mtsikana yemwe. Ndi la mwana wolumala ndi mwana wamasiye yemwe. Ndi la sukulu ya boma ndi sukulu yolipira yomwe.

Coyamba ndi kufunsa

Akulu amati safunsa anadya phula. Makolo asanatulutse ndalama, amapita kukaona sukulu ndi maso ao. Amapita tsiku limene ana ali m'kalasi. Amafika ku ofesi ya sukulu, imene amati secretaria. Amapereka moni. Amapempha kuonana ndi mkulu wa sukulu.

Funso loyamba ndi la cilolezo. Cilolezo ca boma amati alvará. Sukulu yoona sibisa pepala limeneli. Sukulu yopanda alvará boma likhoza kuitseka tsiku lililonse. Ikatsekedwa, ndalama za makolo zapita. Mapepala amene inapatsa ana sagwira nchito ku sukulu ina. Makolo amene akukayika amapita ku ofesi ya maphunziro ya boma lao. Anthu a ku Angónia amapita ku Ulongwe. Kumeneko amadziwa sukulu zimene zili ndi cilolezo.

Funso laciwiri ndi la cinenero. Sukulu zolipira zambiri zimaphunzitsa m'Cipwitikizi kuyambira tsiku loyamba. Zina zimaphunzitsa m'Cingerezi. Mwana amene kwao amalankhula Cinyanja cokha amavutika miyezi yoyamba. Mphunzitsi akafunsa, iye amangoyang'ana pansi. Si kuti ndi mbuli ai. Mau ndiwo sakuwamva.

Sukulu zina za boma zimaphunzitsa m'zinenero ziwiri. Mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja. Cipwitikizi amayamba ndi kucimva ndi kucilankhula, kenaka amaphunzira kucilemba. Njira imeneyi inayesedwa kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Cinyanja ku Tete ndi m'Cichangana ku Gaza. Mu 2003 inayamba kufalikira ku sukulu zina za m'dziko. Conco makolo amafunsa: kodi pano mphunzitsi wa kalasi yoyamba amamva Cinyanja? Mwana akadwala m'mimba, adzauza yani?

Makolo amaonanso zinthu izi:

Kodi m'kalasi imodzi muli ana angati?
Kodi ana amakhala pa mipando kapena pansi?
Kodi pali madzi akumwa?
Kodi pali cimbudzi ca anyamata ndi ca atsikana?
Kodi mwana adzaoloka mseu waukulu kapena mtsinje popita?
Kodi aphunzitsi anaphunzira nchito yao?

Utoto wa pakhoma suphunzitsa mwana. Makolo anzeru amafunsanso mabanja amene ana ao ali kale pa sukulupo. Amapempha kuona kope la mwana mmodzi. Kope limaonetsa ngati mphunzitsi amaconga nchito ya ana.

Mapepala ofunika

Sukulu iliyonse imanena mapepala amene ikufuna. Kawirikawiri amakhala awa:

Pepala la kubadwa kwa mwana. Likhoza kukhala cédula pessoal kapena certidão de nascimento.
Khadi la katemera la kucipatala.
Zithunzi zazing'ono za nkhope ya mwana.
Citupa ca kholo, cimene amati bilhete de identidade.

Pepala la kubadwa limacokera ku Registo Civil. Pa pepalapo pali dzina la mwana, tsiku limene anabadwa, malo amene anabadwira, dzina la amai ace ndi la atate ace. Ndi bwino kulembetsa mwana ali wakhanda. Kudikira mpaka nthawi ya sukulu kumabweretsa mavuto, pakuti mzere umakhala wautali ndipo pepala silituluka tsiku lomwelo.

Mabanja ena alibe mapepala. Pa nthawi ya nkhondo, imene inatha pa 4 Outubro 1992, anthu ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anathawira ku Malawi. Mapepala ena anapsa, ena anatayika panjira. Ana ena anabadwira komweko. Ana a nthawi imeneyo ndiwo makolo a lero. Kholo limene lilibe pepala limayamba msanga ulendo wa ku Registo Civil, mwezi wa matrikula usanafike.

Makolo amawerenga dzina la mwana cilembo ndi cilembo. Dzina la pa pepala la kubadwa ndilo lilembedwe m'bukhu la sukulu. Dzina la pakhomo, limene agogo amamuitana nalo, likhale la pakhomo. Cilembo cimodzi cikalakwika lero, cidzasautsa mwanayo pa mayeso zaka za mtsogolo.

Mapepala amasungidwa m'thumba la pulasitiki, pamalo pamene mvula, ciswe ndi makoswe sizifika. Sukulu ikafuna pepala lotsala nalo, makolo amapereka fotokope. Pepala lenileni limabwerera kunyumba.

Kuwerengera ndalama

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa. Ndalama za sukulu yolipira sizilipidwa kamodzi.

Pali ndalama ya matrikula. Imalipidwa tsiku lolembetsa.
Pali ndalama ya mwezi ndi mwezi. Amati propina kapena mensalidade.
Pali yunifomu ndi nsapato.
Pali mabukhu, makope ndi mapensulo.
Pali cakudya ca mwana, ndi ndalama ya galimoto ngati sukulu ili kutali.
Sukulu zina zimaonjezera cindapusa kholo likacedwa kulipira.

Mlimi amaona ndalama akakolola. Amagulitsa cimanga, nyemba, mbatata ya kacewere, soya kapena fodya. Miyezi imeneyo m'thumba mumakhala kanthu. Koma sukulu imatsegula nthawi ya mvula, cimanga cili m'munda, nkhokwe ili pafupi kutha. Feteleza amafuna ndalama. Malungo amafuna ndalama. Propina nayo imafuna ndalama. Sukulu siidikira kukolola.

Banja likhoza kuwerengera motere. Atate ndi amai amakhala pa mphasa madzulo. Mwana amabweretsa njere za cimanga. Amaika njere imodzi pa mwezi uliwonse umene sukulu imalipiritsa. Pa njere iliyonse amafunsana: ndalama ya mwezi uno idzacokera kuti? Yankho likapezeka, njereyo imalowa m'mbale. Yankho likasowa, njereyo imatsala pa mphasa.

Njere zikatsala pa mphasa, banja laona coona lisanalipire kanthu. Pulayimale ili ndi makalasi 6. Caka camawa njere zidzaikidwanso. Mng'ono wa mwanayo nayenso ali kukula. Makolo amaganiza za ana onse, osati mmodzi yekha. Si bwino kutumiza mnyamata ku sukulu yolipira, mtsikana n'kutsala pakhomo kulera mwana.

Mwana amene makolo ace alephera kulipira pakati pa caka amavutika kwambiri. Amasiya mphunzitsi amene anamzolowera. Amasiya anzace. Amakhala pakhomo masabata, nthawi zina miyezi. Zilembo zimene anayamba kuzidziwa zimathawa. Kuli bwino kutha caka conse pa sukulu ya boma kusiyana ndi kuyamba pa sukulu yolipira n'kulekera panjira.

Tsiku lolembetsa

Banja likagwirizana, tsiku lolembetsa limafika. Mwana amasamba. Amavala zocapa. Amapita ndi munthu wamkulu amene adzamuyang'anira pa za sukulu. Munthu ameneyu amati encarregado de educação. Akhoza kukhala amai, atate, agogo, azakhali kapena amalume. Iye ndiye amasaina. Iye ndiye amabwera ku misonkhano ya makolo.

Ku secretaria amapereka pepala la mafunso. Pamalembedwa dzina la mwana, zaka zace, kumene amakhala ndi dzina la womuyang'anira. Kholo limene silidziwa kuwerenga Cipwitikizi limatenga mbale wodziwa kuwerenga. Limapempha kuti amasulire mau onse. Palibe manyazi pamenepo. Munthu sasaina cinthu cimene sanacimve.

Sukulu zina zimafuna kuceza ndi mwana. Mphunzitsi amamfunsa dzina lace. Amamfunsa zaka zace. Amamuonetsa zithunzi. Amampatsa pensulo kuti ajambule. Mwana asaope. Akhoza kukonzekera kunyumba: kunena dzina lace lonse, kunena dzina la amai ace, kuwerenga zala za m'manja, kupereka moni kwa akulu. Makolo asamuopseze ndi mkwapulo. Mwana wa mantha amaiwala ndi dzina lomwe.

Ngati mwana samva bwino, saona bwino, kapena ali ndi matenda amene amagwa nao, makolo amauza sukulu tsiku lomwelo. Mphunzitsi akadziwa, amamkhazika patsogolo ndipo amamsamala.

Kholo likalipira, limalandira lisiti, limene amati recibo. Pa lisiti pamakhala dzina la mwana, tsiku, ndalama zimene zalipidwa ndi cidindo ca sukulu. Ndalama siziperekedwa panjira kapena kuseri kwa kalasi. Ziperekedwa ku secretaria kapena ku banki imene sukulu yanena. Munthu wofuna ndalama yapadera kuti apezere mwana malo ali kucita cinyengo. Malisiti onse amasungidwa pamodzi ndi mapepala a mwana.

Malo akasowa

Sukulu yolipira ikhoza kunena kuti malo atha. Zikatero makolo sakhala pansi. Amapita ku sukulu ya boma ya pafupi nthawi ya matrikula isanathe. Nthawi imeneyi imayamba mu Outubro ndi kutha mu Dezembro. Ofika msanga sabvutika.

Ndalama zikatha pakati pa caka, kholo silibisala. Limapita kwa mkulu wa sukulu ndi kunena coona. Limapempha kalata yosamutsira mwana, imene amati guia de transferência. Ndi kalata imeneyo mwana amakapitiriza pa sukulu ina, m'kalasi yace yomweyo.

Sukulu yolipira ndi sukulu ya boma zonse zimafuna cinthu cimodzi kunyumba. Mwana adye asanapite. Afike nthawi yabwino. Madzulo wina amfunse zimene waphunzira, aone kope lace. M'mera mpoyamba. Mwana amene walembedwa pa nthawi yace, ndipo wakhala m'kalasi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, ndiye amatha caka akudziwa kulemba dzina lace.

Mau atsopano

Matrikula: kulemba dzina la mwana m'bukhu la sukulu.
Alvará: cilolezo cimene boma limapatsa sukulu yolipira.
Propina: ndalama ya sukulu ya mwezi ndi mwezi.
Recibo: pepala loonetsa kuti ndalama zalipidwa.

Mafunso

1. Kodi mwana amalowa kalasi yoyamba ali ndi zaka zingati?
2. Kodi pepala la kubadwa limacokera kuti?
3. N'cifukwa ciani makolo amafunsa za alvará?
4. Kodi njere zotsala pa mphasa zimauza banja ciani?
5. Kodi makolo amacita ciani malo akatha pa sukulu yolipira?