Tsinde la Chigamulo ndi Mau Apambali

Wophunzira malamulo akayamba kuwerenga zigamulo za mabwalo a ku Britain, amayesa kuti mau onse a woweruza ndi lamulo. Sichoncho ayi. Chimene chimamanga mabwalo aang'ono ndi chifukwa chenicheni chogamulira mlandu, ndicho ratio decidendi. Zonenedwa mongodutsa, obiter dicta, timazipatsa ulemu, koma bwalo lina lingathe kuzikana.

Titenge mlandu wa Donoghue ndi Stevenson. Mu 1928 ku Paisley, m'dziko la Scotland, mnzake wa May Donoghue adamugulira chakumwa cha jinja m'botolo losaonekera m'kati. Iye adadandaula kuti m'botolomo mudali nkhono yoola, ndipo adadwala. Popeza sadagule yekha, padalibe pangano pakati pa iye ndi mwini fakitale. Komabe mu 1932 bwalo la House of Lords, oweruza atatu motsutsana ndi awiri, lidagamula kuti wopanga zinthu zimene zimafika kwa wozigwiritsa ntchito popanda mwayi wozifufuza ayenera kusamala kuti zisampweteke. Ili ndilo tsinde. Za nkhonoyo, bwalo silidatsimikize konse kuti idalimodi.

Koma Lord Atkin adapitirira. Potengera funso la katswiri wa malamulo uja wa mu Luka 10, adaphunzitsa kuti mnansi wathu pa malamulo ndi aliyense amene tiyenera kumuganizira pakuti zochita zathu zimamukhudza pafupi. Ife ozolowera fanizo la Msamariya timakopeka msanga ndi mau amenewa, ndipo apa ndi pamene wophunzira amaterereka, pakuti kukoma kwa mau sikuwasandutsa lamulo.

Tsono timuphunzitse bwanji? Eugene Wambaugh wa ku America adapereka muyeso uwu: tembenuzani mfundoyo kuti inene zosiyana, ndipo funsani ngati chigamulo chikadasintha. Ngati chikadakhala chomwecho, mfundoyo ndi yapambali. Muyesowu ndi wothandiza poyambira, koma umalephera pamene woweruza wapereka zifukwa ziwiri zoima pazokha, pakuti chilichonse chimaoneka ngati chosafunika.

Tisanyozenso mau apambali. Ambiri adaona chiphunzitso cha Atkin ngati chotambalala kuposa mlandu wake, koma mu 1970, pa mlandu wa Dorset Yacht, Lord Reid adati nthawi idakwana yochitsata, pokhapokha patakhala chifukwa chomveka chochisiyira.