Dzino loikirira amaliyezera pankhope

Ngozi za njinga za kabaza zatisiyira magweru ambiri m'matauni muno. Mukapita kuchipatala cha mano mupeza anyamata atagwira pakamwa, mano akutsogolo atatsala pamsewu. Ena akauzidwa za mano oikirira amakana kwamtuwagalu, ati amakawazula kwa anthu akufa kumotchale.

Bodza limeneli latopetsa. N'zoona kuti ku Ulaya zinkachitika kalelo: nkhondo ya ku Waterloo itatha mu 1815, anthu ankazula mano a asilikali ophedwa n'kumagulitsa. Koma ndi liti limenelo? Mano a lero amapangidwa kufakitale kuchokera ku pulasitiki yolimba ya acrylic kapena porcelain, ndipo amafika atandandalikidwa patimakadi, saizi ndi saizi. Wofuna kuda nkhawa ade nkhawa ndi saiziyo, chifukwa ikalakwika munthu amatuluka ndi mano ngati a kalulu.

Nanga dzino lenileni poti linapita, dokotala amayezera pati? Pankhope. Amayeza kutambalala kwa nkhope kuchokera pa fupa la tsaya lina kufika pa linzake, pomwe nkhope yatambalala kwambiri, n'kugawa ndi 16. Nkhope ya mamilimita 136 ndiye kuti dzino lapakati lam'mwamba likhala pafupifupi mamilimita 8.5 m'lifupi. Kutalika kwake ena amakupeza chimodzimodzi: kuchokera pomwe tsitsi layambira pachipumi kutsika mpaka pachibwano, kugawanso ndi 16. Mphuno nayo imathandiza. Mizere iwiri yotsika kuchokera m'mbali mwa mphuno imasonyeza pomwe mano osongoka aja ayenera kukhala, ndipo mano anayi akutsogolo amayenera kukwana pakati pake.

Mu 1914 dokotala wa ku America, James Leon Williams, anaonjezapo ganizo loti dzino lapakatili limafanana ndi nkhope ya mwini wake mukaizondotsa, kaya ndi yozungulira, yamakona kapena yosongokera kuchibwano. Ganizo lokoma, koma ofufuza apambuyo pake anapeza kuti anthu ambiri sagwirizana nalo. Miyezo ina ija nayonso inachokera kwa azungu, pomwe ambiri a ife mphuno zathu n'zotambalala kuposa zawo. Dokotala wotsatira mphuno mwachimbulimbuli akhoza kukuikani mano opitirira msinkhu.

N'chifukwa chake manowo amayamba kuwamata pa sera kuti muyese kaye. Mukatchula "fisi" kapena "vuto", nsonga za mano am'mwamba zizingokhudza mlomo wam'munsi. Zikamaubaya, ndiye kuti atalika. Kwa agogo, mlomo ukapuma, mano am'mwamba amaoneka pang'ono kuposa a mtsikana, ndipo wowapatsa agogo mano aatali oyera mbee! wawachititsa manyazi.

Popita kukayezetsa, tengani chithunzi chanu chakale chomwe munkaseka mano ali pamtunda, ngakhale cha pa ukwati kapena cha pa Facebook. Chimenecho chimaposa masamu onsewa. Ndipo musalole kuti awamalize musanadzione pagalasi.